Kodi Histole Amadyera Nsima?

Tsiku lomwe mng'ono wanga analandira uthenga woti wapeza malo ku yunivesite ya Livingstonia, mayi anaimba nthungululu imodzi yokha. Yachiwiri inathera pakhosi, chifukwa bambo anali atafunsa kale kuti mnyamatayo akukaphunzira chiyani. Atamva kuti ndi zauphunzitsi, ndipo kuti phunziro lake lalikulu likakhala mbiri yakale, anatsitsa wailesi n'kuyang'ana kudenga.

"Histole? Ndiye kuti ndalama zonsezi tizikalipirira nthano? Iwe, kodi histole amadyera nsima?"

Mnyamata anangoti zyolii, osayankha. Ine funsolo ndinalizindikira, pakuti ndi lomwelo linandibweza zaka 15 zapitazo, ndikumeza malovu n'kukachita dipuloma ya zina. Ndipo si bambo anga okha amene amafunsa. Mudzalimva mu minibasi, mudzalimva pasiwa, mudzalimva ngakhale pansanja akuluakulu akamatsegulira nyumba zatsopano zophunziriramo. Amati dziko losauka ngati lathu lino likufuna madokotala, mainjiniya ndi alangizi a zaulimi, osati anthu ofukula zinthu zomwe zinaikidwa kale m'manda.

Ulendo uno ndinadzipereka kumuperekeza mwanayo mpaka ku Khondowe, m'boma la Rumphi. Kumeneko ndinapeza kuti funso la bambo ndi lachikulire kuposa bambowo. Linafunsidwa pa phiri lomwelo zaka 100 zapitazo, ndipo yankho lomwe linaperekedwa nthawi imeneyo linatichedwetsa ife tonse.

Kukwera Gorodi

Amene simunafikeko, tamverani. Mukatsika basi pa Chitimba, m'mphepete mwa nyanja, mumayang'ana kumwamba n'kuona phiri litaima ngati khoma. Msewu wakale wokwera pamenepo ndi Gorodi, womwe unatha mu 1905, wa makona pafupifupi 20 opindika ngati chigongono. Ife tinakwera kagalimoto ka matola, pamwamba pa matumba a feteleza ndi makatoni a sopo. Pakona iliyonse amayi ena amene tinali nawo ankaitana Yesu, dalaivala akungoseka. Titafika pamwamba, mphepo ikulasa m'mafupa, tinaona nyanja ili phee kumunsi, tsidya lake mapiri a ku Tanzania. Munthu umadzifunsa kuti kodi amene anaganiza zomanga sukulu kuno mutu wake unkayenda bwino?

Unkayenda bwino ndithu, koma anali atatopa ndi kukumba manda. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwapulula. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, nako imfa inawatsatira. Choncho mu 1894 Dr Robert Laws, mwana wa kalipentala wa ku Aberdeen amene anali m'busa komanso dokotala, anakwera phiri la Khondowe, m'dziko la Aphoka, kufuna malo ozizira omwe udzudzu sufikako kwenikweni.

Laws sanakwere phiri lonseli kuti akamange kasukulu ka a, e, i, o, u. Masukulu otere analipo kale m'midzi. Iye ankafuna malo oti ana anzeru ochokera ku Bandawe, ku Ekwendeni, ku Karonga, ku Kasungu mpaka ku Mwenzo m'dziko lomwe lero ndi Zambia, adzasonkhane n'kupitiriza maphunziro. Sukuluyo inatchedwa Overtoun Institution. Munali ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku, ulimi, kutumiza mauthenga a telegalafu ndi zachipatala. Koma munalinso Chingerezi chozama, masamu, mbiri yakale, uphunzitsi ndi zaubusa. Pofika 1905 pa phiripo panali madzi a m'mipopi ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pamene mbali yaikulu ya dziko lino inkaunikira ndi muuni. Kwa Laws, nyundo ndi buku sizinali pa mkangano. Ndipo m'mtima mwake ankaona patali: ankafuna kuti tsiku lina sukuluyi idzakhale koleji, kenako yunivesite.

Dzina loti Overtoun lili ndi nkhani yake. Ndi la John Campbell White, Lord Overtoun, mkhristu wolemera amene anathira ndalama zambiri ku mishoniyi. Chuma chake chinkachokera ku fakitale ya mankhwala a m'mafakitale kufupi ndi Glasgow. Mu 1899 Keir Hardie, womenyera ufulu wa apantchito, anamuyalutsa poyera kuti antchito ake ankagwira maola 12 patsiku, Lamulungu lomwe, mu fumbi lomwe linkawadya mphuno, pamene bwana wawoyo ankalalikira za kusunga Sabata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma taonani mmene zinthu zimazungulirira: sukulu yomangidwa ndi thukuta la antchito a ku Glasgow ndi yomwe inaphunzitsa Clements Kadalie.

Ophunzira atayamba kufunsa

Kadalie, mnyamata wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Khondowe asanakwanitse zaka 20. Anaphunzitsa pang'ono, kenako n'kulowera kummwera monga ankachitira anzake ambiri. Mu 1919 ku Cape Town anayambitsa bungwe la apantchito lotchedwa ICU, ndipo chaka chomwecho antchito a padoko ananyanyala ntchito. Pofika cha m'ma 1927 bungweli linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo boma la azungu la ku South Africa silinkagona nalo tulo. Kadalie sanaphunzire kunyanyala ntchito m'kalasi ya ukalipentala. Chomwe anatsika nacho pa phiri paja ndi luso lowerenga, kuyerekeza zinthu, kulemba kalata yoti bwana aiwerenge kawiri, ndi kuima pagulu n'kuyankhula.

Sanali yekha. Levi Mumba anali m'gulu la omwe anayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'dziko muno, ndipo mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. David Kaunda anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali, kumene anabereka Kenneth Kaunda. Charles Domingo, amene anabwera kuno ali mwana kuchokera ku Quelimane, anamaliza maphunziro a zaubusa patsogolo pa anzake, koma amishoni anamusunga zaka ndi zaka osamudzoza, mpaka anatopa n'kuchoka. Makalata ake odzudzula mgwirizano wa boma, makampani ndi amishoni akuwerengedwabe ndi ophunzira a mbiri yakale. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia anadzozedwa mu 1914: Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Mwasi yemweyo mu 1933 anatuluka n'kuyambitsa mpingo wake, ndipo sanatuluke mwakachetechete. Analemba zifukwa zake chimodzichimodzi, monga munthu wophunzitsidwa kuyala mfundo.

Apa ndi pamene funso la bambo anga linabadwira. Azungu a m'minda ya fodya ndi tiyi ankadandaula kuti anyamata a ku mishoni ngonyada, safuna khasu, amayankha. Akuluakulu a boma ankafuna makalaliki odziwa kukopera, osati odziwa kufunsa. Mu 1924 kunabwera nthumwi za bungwe la ku America la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo m'gulumo munali James Aggrey wa ku Gold Coast. Uthenga wawo unali woti maphunziro a munthu wakuda agwirizane ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo, ntchito zamanja. Pongomva, ndi mawu abwino. Ndani angakane chimbudzi chabwino ndi munda wa mizere yoongoka? Koma kuseri kwa mawuwo kunali maganizo oti mwana wa Mwafirika safunika kudziwa zambiri zoposa mudzi wake. Ngakhale amishoni ena a Livingstonia yomweyo ankaona kuti Laws akuthamangira patali, ndipo ndalama zikuthera pa phiri limodzi m'malo mofalikira m'midzi.

Laws anapuma mu 1927, atakhala kuno zaka 52. Maganizo a koleji anapindidwa n'kuikidwa m'kabati. Tsono werengani nokha. Fort Hare ku South Africa inatsegulidwa mu 1916. Makerere ku Uganda inayamba mu 1922. Kuno ngakhale sekondale yoyamba, ya Blantyre, inadikira mpaka 1940, ndipo yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Mibadwo iwiri ya ana anzeru inakathera ku migodi ya ku Joni ndi m'maofesi a ku Salisbury, ikulembera ena makalata. Nsima inadyedwa, inde. Koma ufulu utabwera mu 1964, anthu a madigiri oti ayendetse dziko anali owerengeka, ndipo maofesi ambiri anakhalabe m'manja mwa omwe tinkati tawathamangitsa.

Kalaliki wa telegalafu ndi mpando wa ku Bolero

Pali nkhani ina ya ku Rumphi yomwe imandigwira mtima kuposa zonsezi, chifukwa ikuonetsa mphamvu ya mbiri yakale komanso kuopsa kwake.

Ana a ku Khondowe ankaphunzira za mafumu a ku Israyeli ndi a ku Britain. Ena mwa iwo anayamba kudzifunsa kuti nanga ife tilibe athu? Angoni a M'mbelwa atafika cha m'ma 1850 anagonjetsa Atumbuka a ku Nkhamanga ndi ku Henga, ena n'kuthawira ku Karonga, ndipo ufumu wa Chikulamayembe unazilala. Saulos Nyirenda, wophunzira wa ku Livingstonia amene ankagwira ntchito ya telegalafu, anatenga cholembera n'kulemba mbiri ya anthu a kwawo monga anaimvera kwa akuluakulu. Andrew Nkonjera analembanso yake, yomwe inasindikizidwa ku London mu 1911. Zolemba za Nyirenda zinatuluka mu 1931 m'magazini ya akatswiri ya ku Johannesburg, zitamasuliridwa ndi m'mishoni Thomas Cullen Young, amene naye anatulutsa buku la mbiri ya Atumbuka mu 1932. Kumbali ya Angoni, m'busa Yesaya Chibambo anachita chimodzimodzi.

Anthu awa analibe digiri, analibe laibulale, analibe wowalipira. Koma ndi iwo akatswiri athu oyamba a mbiri yakale, ndipo ntchito yawo sinathere pa pepala. Mu 1907 boma la atsamunda linalola kuti Chilongozi Gondwe akhale pa mpando wa Chikulamayembe, ndipo m'zaka zotsatira anthu ophunzira, monga m'busa Edward Bote Manda, anagwiritsa ntchito nkhani za Mlowoka ndi adzukulu ake pokuza ulemu wa mpandowo ndi wa chinenero cha Chitumbuka. Anthu omwe anali atagonjetsedwa anaimanso chilili. Mukapita ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya, dziwani kuti pambali pa ng'oma ndi magule, palinso inki ya kalaliki wa telegalafu. Ndiye wina azinena kuti histole ndi nthano chabe?

Koma nkhani sikuthera pomwepo. Patapita zaka, Leroy Vail, wa ku America amene anaphunzitsapo pa yunivesite ya Malawi, anayenda m'midzi ya kumpoto kufunsa mabanja osiyanasiyana. Mu 1972 analemba kuti chithunzi cha ufumu umodzi waukulu wolamula Atumbuka onse chinali chokuzidwa. Iye anaona kuti a Balowoka anali amalonda a minyanga ya njovu omwe mphamvu zawo zinagona pa njira za malonda, ndipo mabanja ambiri a Atumbuka ankadzilamula okha. Mu 1989 iye ndi Landeg White anaonjeza kuti anthu ophunzira a ku mishoni anathandiza kuumba mitundu monga tikuidziwira lero, kumpoto ngakhalenso pakati. Alipo ambiri ku Nkhamanga amene sagwirizana ndi Vail, ndipo ali ndi ufulu wonse womutsutsa. Ine pano sindikuweruza mlanduwo. Chomwe ndikunena n'choti mlandu wotere umafuna bwalo, ndipo bwalo lake ndi yunivesite: malo pomwe mdzukulu wa mfumu ndi mdzukulu wa kapolo angayale umboni wawo pamphasa imodzi, wina n'kufunsa kuti, "Agogo anuwo anamva kwa yani? Analemba liti? Ankafuna chiyani polemba?" popanda wina kutulutsa chibonga.

Pakasowa bwalo lotere, mbiri siifa ayi. Imangogwera m'manja mwa andale ndi oimba nyimbo zotamanda. Lero tili ndi magulu a zachikhalidwe pafupifupi mtundu uliwonse, aliyense ndi mbiri yake yonena kuti ife ndife eni, ife tinafika poyamba, ife sitinagonjepo. Tili ndi milandu ya ufumu yosatha m'makhothi. Nanga Aphoka, amene amishoni anawapeza pa phiri paja, omwe akuti ankabisala kumapanga a ku Manchewe pothawa nkhondo, mbiri yawo imamveka kangati poyerekeza ndi ya amene anali ndi makalaliki? Wopanda mlembi amasanduka mlendo pakhomo pake pomwe.

Ngwazi inkadziwa

Kutsogolo kwa Stone House, nyumba ya miyala yomwe Laws ankakhalamo, pansi pali malemba akuluakulu otchula Aefeso 2:14. Mu March 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndege inaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pa mishoni akufuna kuwasamutsa. Akuda ndi azungu anakambirana, n'kuyala yankho lawo pansi kuti a m'ndege aliwerenge: vesi lonena za khoma lolekanitsa anthu lomwe linagumulidwa. Palibe anachoka. Titaima pamenepo, mng'ono wanga anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga khomalo linabwereranso bwanji titalandira ufulu?" Ndinaona kuti mwanayu wasankha phunziro lomuyenera.

Yankho lake likudutsa kwa munthu mmodzi amene sanafike ku Khondowe monga wophunzira, ngakhale ankafunitsitsa. Nkhani imanenedwa kuti mu 1915, ku Kasungu, mnyamata wina wamfupi anaimirira pa mayeso kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira n'kuganiza kuti akuonera, n'kumutulutsa. Woyang'anirayo anali Cullen Young uja, ndipo mnyamatayo anali Hastings Kamuzu Banda. Anauyamba ulendo wapansi wa kummwera, kenako ku America. Ambiri timamudziwa ngati dokotala, koma digiri yomwe anatenga ku yunivesite ya Chicago mu 1931 inali ya mbiri yakale ndi ndale. Anadzakumananso ndi Young ku Britain, ndipo mu 1946 anatulutsira limodzi buku la Our African Way of Life. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki.

Ndiye musanamizidwe kuti Ngwazi inkaona maphunziro awa ngati opanda pake. Inkadziwa bwino lomwe kuti ndi mpeni, n'chifukwa chake inkafuna kugwira chogwirira yokha. Nduna zitagalukira mu 1964, mayina a Chipembere, Chiume, Chirwa ndi Chisiza anasanduka osatchulika, ngati kuti ufulu anaumenyera munthu mmodzi. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, ndipo chaka chomwecho Chitumbuka, chomwe makina a ku Khondowe anali atachisindikiza kwa zaka zambiri, chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Ndikulemba izi m'Chichewa, chinenero chomwe ndimachikonda, ndipo sindingabise kuti chinakwezedwa popondereza chinzake. Landeg White anathamangitsidwa m'dziko muno mu 1972. Aphunzitsi a mbiri yakale ku Chancellor College anagwira ntchito yaikulu yotumiza ophunzira kukatolera nkhani kwa agogo m'midzi, koma zinali zosaopsa kufufuza za Kalonga ndi Undi kusiyana ndi kufunsa zomwe zinachitika dzana. Mu September 1987 apolisi anatenga Jack Mapanje, mlakatuli komanso mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka May 1991 popanda mlandu. Kodi munthu amamanga chinthu chopanda ntchito?

Kenako linabwera dzanja lolemera pa ana a kumpoto. Chifukwa cha masukulu a mishoni aja, iwo ankakhoza mayeso mochuluka kuposa chiwerengero chawo. M'malo momanga masukulu abwino m'maboma otsalira, boma linasankha kudula mutu wa wamtali kuti afanane ndi wamfupi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kota, yosankha ana opita ku yunivesite potengera boma lochokera, ndipo mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera m'zigawo za kwawo. Khothi lalikulu linakana ndondomeko ya kotayo mu 1993, boma la Bingu wa Mutharika linaibweza cha m'ma 2009, ndipo inathetsedwanso mu 2020. Mkangano wonsewu munthu sangaumvetse ngati sadziwa chomwe chinachitika pa phiri la Khondowe mu 1894. Wosadziwa amangoti awa ndi odzikonda, kapena awo ndi ansanje, n'kuyamba kutukwanana.

Matipate atabwera tinkayesa zatha. Koma mu February 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi ananyanyala, ena anachotsedwa ntchito, ndipo Chancellor College inakhala miyezi yambiri yosaphunzitsa. Taonani bwino: sanaitanitse wophunzitsa kusakaniza simenti. Nthawi zonse amayamba ndi amene amaphunzitsa ana kuyerekeza dzulo ndi lero.

Yunivesite inafika, funso lilipobe

Loto la Laws linakwaniritsidwa mu 2003, pamene sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula yunivesite pa phiri lomwe lija, patatha zaka 109 chikwerereni iye, ndi zaka 76 chichokereni. Lero mayunivesite tili nawo ambiri: ya Mzuzu, ya zaulimi ku Lilongwe, ya sayansi ku Thyolo, ya zaumoyo ndi ya zamalonda ku Blantyre, kuonjezapo za mipingo ndi za anthu wamba. N'zosangalatsa. Ndikadwala ndimafuna dokotala, osati mlakatuli, ndipo mlatho wa pa Rukuru sungamangidwe ndi miyambi.

Koma mdani wa lero savala yunifolomu ndipo sabwera pa ndege. Ndi umphawi, ndi fizi, ndi ngongole ya maphunziro, ndi kholo lomwe lagulitsa mbuzi n'kumafuna kudziwa kuti mbuziyo idzabwerera liti. Sindingawanyoze bambo anga pa chimenechi. Ndawaona anzanga a madigiri a mbiri yakale akugulitsa mayunitsi ndi kaunjika. Koma ndawaonanso a madigiri a zamalonda ndi a zaulimi pa benchi yomweyo. Ulova sufunsa kuti unaphunzira chiyani. Vuto ndi chuma chomwe sichibala ntchito, ndipo kuti timvetse chifukwa chake dziko lomwe lakhala likulima fodya zaka zoposa 100 likadali losauka chonchi, tiyeneranso kufunsa a mbiri yakale omwewo.

Chomwe chimandiwawa n'choti mabuku akuluakulu onena za ife analembedwa kutali. La John McCracken lonena za mishoni ya Livingstonia linatuluka ku Cambridge mu 1977, ndipo linadikira mpaka a Kachere ku Zomba atalisindikizanso kuti Mmalawi wamba alipeze. Makalata ambiri a amishoni ali ku Edinburgh. Takhala nawo athu, monga Kings Phiri ndi Owen Kalinga, komanso D.D. Phiri, amene anadutsa ku Livingstonia komweko n'kudzatha moyo wake wonse akutikumbutsa za Chilembwe, Chinula ndi Gomani m'timabuku ndi m'nyuzipepala mpaka anamwalira mu 2019. Koma akuluakulu amene anaona 1959 ndi maso awo akutha mmodzimmodzi. Amene anakhala ku Dzeleka ndi ku Mikuyu akukalamba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likuuma ife tikuyang'ana. Saulos Nyirenda analemba ndi nyali ataweruka ku telegalafu. Ife tili ndi mafoni ojambula mawu m'thumba, koma tikujambula chiyani?

Kwa aphunzitsi a m'mayunivesite athu ndili ndi pempho limodzi. Musamangolembera anzanu a kunja m'Chingerezi choti ngakhale ife a dipuloma tifune dikishonale. Tsikani Gorodi. Lembaniko m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Pitani pa wailesi. Ngati kholo silikuona phindu la histole, mwina n'chifukwa choti histoleyo sinafikepo pakhomo pake.

Ndinamusiya mng'ono wanga atapeza bedi ndi anzake, ine n'kutsika phiri. Nditafika kunyumba bambo anandifunsa za ulendo, ndipo ndinawafotokozera zonsezi, mpaka za aphunzitsi a mu 1989. Apo anakhala chete kanthawi. Kenako anayamba kusimba za mnzawo wina, mphunzitsi wa masamu wa ku Rumphi, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu ine ndisanabadwe. Anasimba za m'mawa womwe lole inabwera, momwe anathandizira kukweza mipando ndi mbaula, momwe mkazi wake, amene anali wa ku Thyolo, analirira posadziwa kuti kwawo kwa ana ake ndi kuti. Anati pa mzere wonse wa nyumba palibe anatsazika mokweza, poopa makutu a achinyamata a chipani. Anati sukulu ya pafupi inakhala nthawi yaitali yopanda wophunzitsa masamu. Zaka zonsezi ndakhala nawo m'nyumba imodzi, nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo.

"Bambo," ndinatero, "zimenezi munazilemba penapake?"

"Ndilembe za chiyani? Ndani angawerenge?"

Ndinawauza kuti mwana wawo akabwera pa holide adzabwera ndi kope. Sanayankhe. Anakweza wailesi. Koma mwezi utatha, ndi iwo amene anandikumbutsa kuti tsiku lolipira fizi layandikira.